A Magombo ndi Manda a Bwana Makutu

Tsiku lomwe tinaika maliro a bambo Fredson Magombo kunali kamvula kowaza, kaja kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa. Kuseri kwa mpanda wa manda, ku Edmonton kuno, mumzinda wa London, sitima zinkadutsa pafupipafupi, ndipo iliyonse ikamadutsa amayi ankakweza mawu kuti nyimbo isamire. Chapatali, kagalimoto kokumba manda kankalira pobwerera m'mbuyo. Akhwangwala a kuno, opanda khosi loyera aja, ankakangana m'mitengo yoyoyoka masamba. Pachipata panaima bambo wina wachizungu, wokalamba, chipewa chili m'manja, osalowa komanso osachoka. Ndinawazindikira ndi makutu.

Sabata ino chakwana chaka. Mwana wa malemu, Esinati, yemwe ndi namwino pachipatala chachikulu cha kuno, wandipempha kuti ndilembe zomwe ndikukumbukira, kuti adzukulu adzakhale ndi poyambira. Chichewa amangochimva, kuyankha amayankha m'Chingerezi, koma mwina tsiku lina adzafuna kuwerenga.

A Magombo ndinawadziwira ku mapemphero athu a Lamulungu masana, muholo yomwe ife a ku Malawi ndi anzathu a ku Zambia timachita lendi. Anali aatali, akhungu loyererako, tsitsi lofewa, ndipo makutu awo anali otambasuka ngati zogwirira za kapu. Ntchito yawo inali yokankha odwala pamabedi m'chipatala mpaka anapuma. Sankatuluka m'nyumba osamanga tayi, ngakhale pokagula buledi pakona. M'thumba la jasi munkakhala fulasiki ya tiyi, ndipo tiyiyo ankayenera kukhala wa ku Mulanje, kwawo. Akatha, ankavutitsa aliyense wopita kumudzi.

Mlendo akafika ku mapemphero, asanakhale n'komwe pansi, a Magombo ankakhala atamufunsa kale kwawo, mfunda wa mayi ake, ndi mudzi womwe agogo ake anachokera. Pofika nthawi ya tiyi ankakhala atamupezera mbale m'holomo. Ambiri zinkawasangalatsa, koma si onse. Mnyamata wina ndi mtsikana wina a mu kwaya anali atayamba kuyendera limodzi, ndipo a Magombo atawafunsafunsa anapeza kuti agogo awo aakazi anayamwa bere limodzi ku Phalombe. Anawauza poyera, akumwetulira, poganiza kuti awabweretsera nkhani yabwino. Banja la mtsikanayo linatha miyezi osawapatsa moni.

Mbali ya amayi awo ankaidziwa pamtima. Ankatha kutchula mayina a amayi obereka amayi anzawo kubwerera m'mbuyo mpaka kwa uja anawoloka malire kuchokera ku Mozambiki atabereka mwana kumbuyo. Koma panali malo amodzi pomwe ankaima. Bambo a amayi awo anali mzungu. Agogo awo, a Nambewe, ankagwira ntchito m'nyumba ya mzunguyo, yemwe anali woyang'anira antchito pa esiteti ina ya tiyi, ndipo antchitowo ankamutcha Bwana Makutu. Anabwerera kwawo mwana asanayambe kuyenda. A Nambewe sankamunena zoipa kapena zabwino. Zomwe anasiyira adzukulu zinali ziwiri zokha: kuti ankaimba mluzu pometa ndevu, ndiponso kuti ankaopa abuluzi.

A Magombo ankati munthu wosadziwa mbali ina ya kubadwa kwake ali ngati wovala nsapato phazi limodzi: amayenda ndithu, koma amatsimphina. Anandiuza kuti ali wamng'ono, chilimwe chilichonse banja linkapita kukalambula kumanda, ndipo chaka china anafunsa amayi awo kuti nanga manda a bambo a amayiwo ali pati. Amayiwo anangopitiriza kusesa. Kuchokera pamenepo, chomwe ankafuna chinali chimodzi: kudziwa pomwe agogo awo aamunawo anagona, ndi kukaimapo asanamwalire.

Esinati sankagwirizana nazo, ndipo sankabisa. Ankati munthu yemwe anasiya mkazi ndi khanda n'kukwera sitima sayenera kutayiridwa ngakhale tsiku limodzi. Ankati bambo ake akuchititsa manyazi a Nambewe. Iwo ankamusiya kuti amalize, kenako ankayankha mofatsa kuti sakumufunafuna kuti akamuyamike. Ankati ngakhale malume woledzera amamulambulira manda, chifukwa kulambula si malipiro a khalidwe labwino.

Wina wowatsutsa anali mnzathu a Tembo, a ku Chipata, omwe amalondera pa bwalo la mpira ku Wembley. Iwo ankatsutsa mwanthabwala, m'Chinyanja chawo cha m'tauni.

"Ba mdala, bazungu banu aba sibakufunani. Muzasiliza nsapato. Tiyeni tikadye."

A Magombo ankayankha kuti nsapato n'zawo, ndipo basi amakwera ulere. Zinalidi choncho. Khadi yawo ya okalamba, yokwerera basi ulere, inawafikitsa m'malaibulale onse a mumzinda uno, mpaka ku nyumba yaikulu yosungira zikalata zakale kumadzulo, komwe amakulanda jasi ndi cholembera n'kukulola pensulo yokha. Ankapita ngati akupita kuntchito. Anaphunzira kompyuta atakalamba, akulemba ndi chala chimodzi, lilime lili panja pang'ono. Ankawerenga mayina a anthu omwe anakwera sitima zapamadzi kupita ku Beira, kenako n'kumawatsata mmodzimmodzi kuti aone yemwe anakafika ku Mulanje. Nthawi zina ankatsata munthu kwa miyezi, n'kupeza kuti anali m'mishonale wosakwatira kapena wogulitsa makina osokera. Sankakhumudwa. Ankabwera ku mapemphero n'kutifotokozera mbiri ya munthu wolakwikayo ngati kuti nayenso ndi mbale.

Chomwe chinadzutsa phokoso chinali malovu. Anamva kuti ukalavulira m'kabotolo n'kutumiza pa positi, akatswiri amakuuza mitundu yomwe ili m'magazi mwako, ndiponso amakulumikiza ndi abale omwe anachita zomwezo. Amayi a kutchalitchi anadandaula kwambiri. Ankati munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, sangapereke malovu ake kwa anthu osawadziwa nkhope. A Magombo anawakumbutsa kuti theka la iwo amatenga magazi a anthu tsiku lililonse pa shifiti, ndipo palibe analodzedwa. Analavula, natumiza.

Kabotolo kaja kanawalumikiza ndi mayi wina wa ku Australia, ndipo kuchokera pamenepo njira inatseguka. Bwana Makutu dzina lake linali Albert Lindon. Bambo ake anali wophika buledi wochokera ku Jeremani, yemwe anadula dzina lake lakale nthawi ya nkhondo, anthu ataswa mawindo a sitolo yake kum'mawa kwa London. Mayi ake anachokera ku Ireland. Sindinaonepo a Magombo ali osangalala ngati miyezi imeneyo. Anamata mapu a ku Ulaya pakhoma, nazunguliza kamudzi ka wophika buledi uja. Anayamba kugula buledi wakuda, wowawasa, wolemera ngati njerwa, n'kumatigawira kuti tilawe chakudya cha kwawo. A Tembo ankati umenewo ndi woti ukamangire chimbudzi. Koma chomwe chinawakhudza kwambiri a Magombo chinali china. Anandiuza tili pa basi kuti nthawi yonseyi ankaganiza kuti akufufuza eni dziko, koma apeza obwera ngati ife, anthu omwe anafika ndi sutikesi imodzi, omwe dzina lawo linkavuta kutchula.

Albert atachoka ku Mulanje anakwatira kuno, nabereka ana, ndipo anaikidwa m'manda ena pafupi ndi Romford. A Magombo anapita, napeza chipata, koma sanalowe.

Adzukulu akadzawerenga izi mwina adzadabwa, choncho ndifotokoze. Kwathu munthu salowa yekha kumanda a banja lina. Eni ake ndiwo amatsogola. Wamkulu wa banja amaima polowera, n'kuwomba m'manja, n'kunena kuti tabwera ndi uje, mwana wa uje. Wolowa yekha amaganiziridwa zoipa, ndipo ngakhale wina asamuone, iye mwini amadziwa kuti walowa ngati mbala. A Magombo anali Mkhristu weniweni, ndipo ankati nkhani si kuopa mizimu, koma ulemu. Ine ndinaziona ndi maso. Mkazi wanga Felesiya atamwalira, a Magombo ankakonda kukaika maluwa pamanda ake, chifukwa ankamutcha achemwali. Koma ndikachedwa, ndinkawapeza atayima pachipata, maluwa ali m'manja, ngakhale kukuzizira chotani. Anthu ena onse ankangowadutsa n'kulowa.

Choncho panafunika kupeza eni manda. Mdzukulu wa Albert, a Graham, ankakhala ku Romford komweko. Esinati anati tiwalembere kaye. A Magombo anakana, nati nkhani ya ubale sipita pa pepala ngati bilu ya magetsi, imapita ndi mapazi. Komanso mwini nkhani sadzilankhulira yekha. Anandipempha kuti ndikhale wolankhula, ndipo a Tembo anadziitana okha, akuti akakhale mboni ya kukanidwa kwathu.

Tinapita Loweruka lina m'mawa, tonse atatu tili m'masuti akuda. Tinanyamula paketi ya tiyi wa ku Mulanje ndi chitenje chatsopano cha mayi a panyumbapo. Nyumba yake inali yaing'ono, ya maluwa pakhomo. Ine ndinaliza belu, koma a Magombo anawombanso m'manja pang'onopang'ono, chifukwa belu sankalikhulupirira kuti limapereka ulemu. Chitseko chinatseguka, ndipo a Tembo anandigunda ndi chigongono. Pakhomopo panaima a Magombo achizungu: msinkhu womwewo, mapewa omwewo, makutu omwewo.

Ndinayamba monga mwa mwambo. Ndinafunsa mmene adzukira, za kunyumba, za ana. Ndisanafike pakati, a Graham anatiuza mwaulemu kuti iwo za tchalitchi alibe nazo chidwi, nayamba kutseka chitseko. Ndinachita kudumpha zonse zomwe tinakonza, n'kutchula dzina la Albert ndi la Mulanje nthawi imodzi. Chitseko chinaima. A Graham anayang'ana a Magombo kwa nthawi, ndipo nkhope yawo inafiira mpaka m'makutu muja. Akazi awo anafika kumbuyo kwawo, foni ili m'manja.

Sanatilowetse. Anati agogo awo sananenepo kanthu za nkhani imeneyi. Anati ngati ndi za chuma, palibe chomwe chinatsala. Ndinafotokoza kuti sitinabwerere chuma, tabwera kudzapempha kuti mbale wawoyu akaone manda a agogo ake. Apo nkhope yawo inamasuka ngati munthu yemwe wamutula katundu. Anati imeneyo si nkhani, manda ndi otsegula tsiku lililonse mpaka madzulo, aliyense angathe kulowa, sipafunika chilolezo cha munthu. Anatiuza kuti tikalowa tikakhotere kumanzere, mandawo ali kukhoma, pansi pa mtengo waukulu wosayoyola masamba. Tiyi analandira mochita kuzengereza. Chitenje akazi awo anati n'chokongola kwambiri koma sangachilandire. Anatifunira ulendo wabwino, natseka.

Ndikukhulupirira kuti a Graham ankaona ngati atithandiza. Tinapempha manda, iwo anatipatsa manda, ndi njira yomwe.

Pobwerera ku siteshoni a Tembo ankayankhula okha, akutukwana m'zilankhulo zitatu. Ine ndinayesa kunena kuti mwina tingatenge mawu aja ngati chilolezo, popeza mwini wake wanena ndi pakamwa pake. A Magombo anapukusa mutu.

"Kundilozera njira si kunditsogolera, achimwene. Njira amalozera munthu wodutsa."

Tinakwera sitima. Ndinkaopa kuwayang'ana. Koma titadutsa masiteshoni angapo ndinamva mpando ukugwedezeka, ndipo nditacheuka ndinapeza akuseka mpaka misozi. Anandifunsa ngati ndinaona makutu aja. Anati moyo wawo wonse ana a sukulu ankawaseka, akazi awo ankawaseka, ndipo lero awapeza eni ake, atakhala pamutu wa munthu wina ku Romford. Anatulutsa fulasiki natigawira tiyi m'chivindikiro.

Sanabwererenso kunyumba ija, ndipo kumanda sanalowe. Kunja kwa chipata kuli benchi, pafupi ndi poimira basi. Kukayamba kutentha ankapita kukakhala pamenepo ndi fulasiki yawo. Ukakhala kumapeto kwake umaona nsonga ya mtengo uja pamwamba pa khoma. Ndinapita nawo kangapo. Ankayamba kundifotokozera za wophika buledi, kapena za a Nambewe, ngati kuti onse akhala nafe pabenchipo. Tsiku lina ndinawafunsa ngati siziwawawa kukhala pafupi chonchi. Anati amayi awo anamwalira osadziwa ngakhale dziko lomwe bambo awo anagona, pomwe iwo akudziwa mtengo wake.

Kunyumba anatenga pepala lalitali, la mtundu womata pakhoma, nalitembenuza, najambula mtengo wa banja lonse. Kumanzere kunali amayi a ku Mulanje ndi ku Mozambiki, kumanja wophika buledi ndi mkazi wake wa ku Ireland. Pansi, pa mzere umodzi ndi dzina lawo, analemba a Graham, ndipo pansi pake ana awo. Esinati ataona anati nthambi imeneyo aidula ndi sizasi. Bambo ake anamuuza kuti adikire iwo afe kaye.

A Magombo atadwala anagonekedwa m'chipatala chomwe anagwiramo ntchito. Ngakhale ali wofooka ankalangiza okankha bedi mmene angakhotere pakona osagunda khoma. Masana ena, Esinati atatuluka, anandiitana pafupi. Anati nthawi ikakwana, uthenga wa maliro ndikaufikitse ku Romford ndekha, osati pa foni. Ndinawakumbutsa mmene tinalandiridwira. Anati zimenezo akuzikumbukira bwino, koma abale amauzidwa maliro. Kubwera kapena kusabwera n'kwawo, kuuza n'kwathu.

Atamwalira, ndinapita. Ndinalankhulira pakhomo pomwe paja, ndipo ulendo uno sindinazungulire. Ndinanena tsiku ndi malo. A Graham anati pepani, nafunsa ngati malemu anakaona manda aja. Ndinati ayi. Anadabwa, nafunsa ngati anasochera. Ndinawauza kuti sanasochere, ankadikira wa m'banja kuti awatsogolere, chifukwa kwathu ndi mmene mbale amalowera. Anangogwira chitseko, akuyang'ana pansi, mpaka ine ndinatsazika.

Ndiye tsiku la kamvula lija, nyimbo ili mkati, a Tembo anandinong'oneza kuti ndione kuchipata. Anthu anali atadzaza, amayi atavala zitenje pamwamba pa majasi, ndipo bambo aja anaima kunja, osadziwa ngati akuloledwa. A Tembo anati:

"Bauzeni ati manda ni yosegula, aliyense angangene. Bakhotele ku lefti."

Ndinachoka pagulupo n'kuyenda mpaka kuchipata. Ndinawagwira dzanja a Graham, lomwe linali lozizira kwambiri, ndipo ndinawauza kuti anditsate. Ndinatsogola. Titafika, abusa anali atangomaliza pemphero, ndipo ndinawomba m'manja pang'ono, n'kunena kuti tabwera ndi a Graham, mdzukulu wa Albert, mbale wa malemu. Anthu anapatuka. Ena ankayang'ana makutu aja n'kuyang'anizana. Nthawi yoponya dothi itakwana, Esinati anaponya, ana ake anaponya, kenako anaima kanthawi, fosholo yaing'ono ili m'manja. Anaipereka kwa a Graham osawayang'ana kumaso.

A Graham sanakhale nawo pa chakudya. Anati adzaimba foni. Pa Khrisimasi anatumiza khadi, koma foni sanaimbe mpaka lero, ndipo Esinati akuti iye sadzayamba. Kumanda a Bwana Makutu palibe wa ife analowako. Ine sindikudziwa kuti zidzatha bwanji, ndipo sindifulumira kunena yemwe ayenera kuyamba.

Chipinda cha a Magombo chili mmene anachisiyira. Mapu akadali pakhoma, kamudzi kaja katazungulizidwa. Mtengo wa banja ukadali wathunthu, sizasi sinaukhudze. Pampando wawo wa pawindo, womwe khushoni yake inalowa pakati, pali chitenje chija chili chipindire, ndipo fulasiki ili pansi pafupi ndi mwendo wa mpando. Ku mapemphero, alendo amafika n'kukhala pansi popanda wowafunsa mfunda wa mayi awo. Benchi ya ku Romford ndinaidutsa pa basi mwezi watha, ndipo panalibe munthu.

Dzulo Esinati anandipeza nditaima m'chipindamo. Anandifunsa chomwe wakhala akufuna kufunsa chaka chonsechi, ngati bambo ake anapita ndi chilonda mumtima. Ndinamuuza zomwe bambo ake anandiuza masana aja m'chipatala atamaliza za uthenga. Anati Albert anali mnyamata wamantha, woopa ngakhale abuluzi, ndipo a Graham anaona amuna atatu a masuti akuda pakhomo, popanda wina anawaphunzitsapo mmene mbale amalandiridwira. Esinati anati zimenezo ndi zifukwa chabe. Ndinati mwina, koma ine ndikungonena zomwe ndinaona. Bambo ake anawakhululukira onse awiri.